Kathirakitala kanga sikanafe, kangozizidwa

M'mawa uno ndaponda pedulo ya kathirakitala kotchetchera kapinga, koma kakungolira n'kumakwawa ngati kamba. Mnyamata wa m'munda uja n'kunena kuti, "Bwana, giyabokosi yapita." Ayi ndithu, ndi chisanu cha Julayi cha ku Lilongwe kuno basi.

Kameneka n'ka hydrostatic, kalibe magiya osintha. Pampu imakankha oyilo, oyiloyo ndi amene amazunguza mawilo, ndiye kukazizira amalimba, sayenda msanga. Ndasiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, kenako kutsogolo, kumbuyo, mosafulumira. Mphamvu yabwerera yokha. Tachotsanso fumbi ndi udzu wouma zomwe zinamatirira pa fani yoziziritsa giyabokosi kunsi kuja, chifukwa dzuwa likakwera oyilo yemweyo amatenthanso.

Chomwe chimandikwiyitsa ndi amakaniko ongothira oyilo aliyense amene ali pafupi. Onani kaye buku la makinawo, abale. Magiyabokosi ambiri a kampani ya Hydro-Gear amafuna oyilo wa 20W-50, pomwe giyabokosi ya Tuff Torq K46 imayenda ndi wa 10W-30 kapena 5W-50. Mukasintha oyilo, tukulani mawilo akumbuyo, muponde pedulo uku ndi uku mpaka mpweya utuluke, apo ayi kazingonjenjemera pamalo amodzi.