Loweruka, ku Crystal Lake

Ndikulemba ndi tochi m'tenti, zovala zonse zikununkha utsi. M'mawa tinakumana ku Azusa, tauni ya pafupi ndi Los Angeles ku America, mabanja asanu ndi limodzi opita kukagona kunkhalango, n'kukwera msewu wokhotakhota wa Highway 39 kulowa m'mapiri a San Gabriel. Aneba anga, banja la ku Mexico, ndi amene anandiitana kuti ndiwathandize kuyendetsa galimoto.

Palibe amene walipira kalikonse. Anthu odzipereka abweretsa matenti, matumba ogonamo, mbaula ndi chakudya. Mapiri amenewa timawaona tsiku lililonse tikamapita kuntchito, ndipo Pulezidenti Obama anawaika kukhala malo otetezedwa a dziko mu 2014, koma mwa mabanja onsewa ndi limodzi lokha lomwe linagonapo kuno. Tenti imadula. Bambo wogwira ntchito ziwiri sapeza Loweruka. Ena amaopa yunifomu iliyonse, ngakhale ya woyang'anira nkhalango. Mmodzi wa otitsogolera anati anayambira ku Latino Outdoors, gulu lothandiza anthu ochokera ku Latin America kukayenda m'malo achilengedwe, limene José González anayambitsa mu 2013, ndipo zonse amazinena kawiri, m'Chisipanishi ndi m'Chingelezi.

Masana anatiphunzitsa kutsekera chakudya kuti zimbalangondo zisabwere usiku. Ana ananunkhiza khungwa la paini wotchedwa Jeffrey n'kumakangana ngati ndi vanila.

Koma tsiku lonse lakhala la agogo a anebawo. Mtsikana wotitsogolera atayamba kufotokoza za agulugufe a monarch, agogo anamudula mawu mwaulemu. Iwo anakulira ku Michoacán, ku Mexico, kumene agulugufewo amafika chakumayambiriro kwa Novembala, nthawi yokumbukira akufa, n'kuphimba mitengo ya oyamel mpaka nthambi kuwerama. Akuti ali mwana ankauzidwa kuti ndi mizimu ya makolo yabwera kudzacheza. Mtsikanayo anatseka kabuku kake n'kukhala pansi. Kenako agogo anayenda nafe pang'onopang'ono, akuloza zitsamba ndi ndodo, ichi cha m'mimba, icho musachikhudze. Mdzukulu wawo wa zaka 9, amene kunyumba amawayankha m'Chingelezi chokha, lero amangoti "abuela, abuela" (agogo m'Chisipanishi) akuwakoka siketi.

Zinandigwira mtima. Ndinakumbukira agogo anga ku Dedza, momwe ankadziwira bowa wodyedwa ndi wakupha pongomuyang'ana. Anthu amalankhula ngati mabanja awa sadziwa zachilengedwe. Amadziwa ndithu. Chimene chinawasowa ndi galimoto, tenti ndi munthu wowauza kuti malo ano ndi awonso.

Madzulo amayi a kwa anebawo anawotcha ma tortilla, buledi wopyapyala wa ku Mexico, pachiwaya, ine ndinaphika nsima mumphika wobwereka. Agogo analawa, anapempha ina, n'kundifunsa ngati chimanga chathu ndi choyera. Ndinati eya. Kukuzizira tsopano, ndipo m'tenti yoyandikana nayo ndikumva mdzukulu uja akufunsabe za agulugufe.