Mmene ndinasinthitsira galimoto yanga yakale ku America mu 2009

Mu July 2009 boma la America linayambitsa ndondomeko yomwe anthu ankangoitchula kuti Cash for Clunkers. Ukapereka galimoto yakale yomwa mafuta kwambiri, ankakuchotserako madola 3,500 kapena 4,500 pa mtengo wa yatsopano. Ford Explorer yanga ya 1998 inali itandimaliza m'thumba, ndiye sindinazengereze.

Ndinayamba ndi kufufuza pa intaneti ngati ikuloledwa. Inayenera kukhala yosapitirira zaka 25, yoti ikuyendabe, komanso yoyenda mamailosi 18 kapena ocheperapo pa galoni imodzi, malinga ndi kaundula wa boma, osati mmene mwiniwake ukuionera. Yanga inalowa.

Pamene panandivuta ndi pa mapepala. Ankafuna chikalata cha umwini chopanda ngongole, ndi umboni woti galimotoyo yakhala m'dzina langa komanso pa inshuwalansi chaka chathunthu osadukiza. Ine ndinali nditasintha kampani ya inshuwalansi pakati pa chaka, choncho ndinafunika makalata awiri. Ya kampani yakale inatenga masiku anayi. Mtima unali m'mwamba, chifukwa madola 1 biliyoni omwe boma linaika poyamba pa ndondomekoyi anatha pasanathe n'komwe masabata awiri, ndipo tonse tinkadikira kuti Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, iwonjezera kapena ayi. Inawonjezera 2 biliyoni.

Kogulitsa magalimoto ndinasankha Toyota Corolla. Popeza inkaposa yakaleyo ndi mamailosi opitirira 10 pa galoni, ndinapeza 4,500 yonse. Ndalamazo sindinazigwire m'manja: wogulitsa anangozichotsa pa mtengo, n'kukazitenga yekha ku boma. Ndinaumirira kuti tiyambe tanenerera mtengo, za boma zibwere pambuyo pa mzere wakewake, ndipo mpaka lero ndimaona kuti pamenepa ndi pamene ndinapulumutsa ndalama.

Chimene sindinakonzekere ndi mapeto a Explorer ija. Lamulo linkati injini iphedwe kuti isabwererenso pamsewu. Makaniko wina anandifotokozera kuti amakhetsa oyilo yense, n'kuthiramo mankhwala a sodium silicate, kenako amailiza mpaka itauma gwa. Zinandipweteka, chifukwa injiniyo inalibe vuto, ndipo pali mabanja ambiri osakwanitsa kugula yatsopano omwe ikanawathandiza zaka zingapo. Pofika pa 24 August, tsiku lomwe ndondomekoyi inatsekedwa, magalimoto pafupifupi 690,000 anali atapita njira yomweyo.

"Bambo, mukufuna kuonerera poipha?" anandifunsa makanikoyo.

Ndinamupatsa makiyi, ndinachotsa kampando ka mwana kumbuyo, n'kutuluka osacheuka.