Chamba ndi matenda a PTSD: zimene ndapeza m'maphunziro anga

M'maphunziro athu a umoyo wa maganizo tafika pa PTSD, matenda ogwira munthu amene anadutsa m'zoopsa monga nkhondo, ngozi kapena kugwiriridwa. Zimene anaonazo zimamubwerera kutulo ndi masana omwe, mpaka amayamba kuthawa chilichonse chomukumbutsa. Ambiri mwa odwalawa amati chamba chimawathandiza, ndiye ndinafuna kuona pamene umboni wafika.

Ganizoli lili ndi pochokera. Mu 2002, Giovanni Marsicano ndi anzake anaonetsa kuti mbewa zopanda CB1, malo a mu ubongo amene THC (mankhwala oledzeretsa a m'chamba) imakamatira, zinkachedwa kusiya mantha ngakhale choopsa chitapita. Mu 2015, ku Canada, asilikali 10 anayesedwa ndi nabilone, mankhwala opangidwa motengera THC, ndipo maloto oopsa anachepa. Koma anthu 10 ndi ochepa kwambiri.

Kafukufuku amene wandiimitsa ndi wa ku America, wofalitsidwa mu 2021. Asilikali opuma pafupifupi 80 anagawidwa m'magulu: ena ankasuta chamba cha THC yambiri, ena cha CBD yambiri (mankhwala ena a m'chamba amene saledzeretsa), ena chosakaniza, ndipo ena chochotsedwa mphamvu. Patatha milungu 3 magulu onse anapezako bwino, a chamba chopanda mphamvu omwe, popanda kusiyana kwenikweni. Malangizo a 2023 a maunduna oona za asilikali ku America akuti chamba chisagwiritsidwe ntchito pa PTSD.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani ya tulo. THC imachepetsa gawo la tulo limene timalota kwambiri. Wosuta tsiku lililonse akasiya, maloto amabwerera mwamphamvu, nthawi zina kwa milungu ingapo. Kwa munthu woti kale maloto ankamuzunza, zimenezi zimaoneka ngati umboni woti chamba ndicho chinkamuchiza, ndiye amachibwerera. Sindingamuweruze. Amene watha zaka akudzidzimuka usiku ali thukuta kamukamu, atha kugwira chilichonse chomugonetsa.

Komabe chithandizo chokhala ndi umboni wolimba, monga EMDR (njira imene wodwala amakumbukira zoopsazo akuyendetsa maso uku ndi uku) ndi uphungu wolunjika pa zoopsazo, chimafuna kuti wodwala ayang'anizane ndi zokumbukira zowawazo pang'onopang'ono, ali ndi womuthandiza. Kuthawa n'chimodzi mwa zizindikiro za matendawa, ndipo ndikuopa kuti kwa ena chamba chimangosanduka njira ina yothawira. Kuti zimenezi zidziwike bwino, pafunika kutsata odwala ambiri kwa miyezi, kuphatikizapo nthawi imene asiya kusuta.