Katundu anachedwa, tinakathera kumanda a ku Braamfontein

Loweruka usiku, kuno ku Joni. Kukuzizira koopsa, Juni sanama.

Mapazi ali m'beseni, madzi ayamba kale kupola. Ndilembe msanga tulo tisanandibe, chifukwa lero ndachita chinthu choti amayi atamva akhoza kundiitanira abusa: ndakhala maola atatu kumanda popanda zovuta zilizonse, popanda kupempha kwa mfumu, ndipo ndadyerako ndi buledi yemwe.

Zonse zinayamba ndi katundu. Ine ndi alamu anga tinalawirira ku Park Station ndi zikwama ziwiri zikuluzikulu: mafuta ophikira, sopo, nsapato za sukulu za ana a achemwali, ndi bulangete la amayi lomwe ndakhala ndikulonjeza chiyambire Epulo. Mkulu wotenga katundu anatiuza kuti tifike 8 koloko. Titafika anati 11. Itakwana 11 foni yake inayamba kungoitana, kenako kunabwera uthenga woti "3 koloko ndili pomwepo mabwana." Aliyense amene anatumizako katundu kumudzi akuidziwa 3 koloko imeneyi. Tinasungitsa zikwama kwa mayi wina wakwathu amene amagulitsa chakudya chapafupi, alamu n'kunena kuti tiyende, tingaume ndi mphepo.

Tinatsata Smit Street kulowera kumadzulo, mlatho wa Nelson Mandela tikuuona uko pamwamba pa njanji, mpaka tinafika pa mpanda wautali wokhala ndi mitengo ikuluikulu mkati. Alamu anasuzumira nati, "Alamu, tilowe umu tikaothere dzuwa, mulibe phokoso." Ndinawayang'ana. Ndinati kodi simukuona ziliza? Iwo anangoseka, akuti akufa a kuno ndi a m'tauni, sadandaula alendo.

Ine ndinakulira ku Mchinji. Kwathu manda ndi nkhalango yoti ngakhale nkhuni zitasowa bwanji sukatolako kamtengo. Kumapita adzukulu, kumapita anthu pa maliro kapena pomanga chiliza, ndipo mfumu imayamba yadziwa. Tili ana ankatiopseza kuti ukaloza manda chala chimapindika. Ndiye pamene mlonda wa pageti anangotikodola ndi mutu ngati tikulowa mu paki, miyendo inalemera. Manja ndinawaika m'thumba la jekete, mwina chifukwa cha kuzizira, mwina kuopa kuloza.

Manda a Braamfontein anatsegulidwa mu 1888, patangopita zaka ziwiri golide atapezeka ndi mzinda utayamba mu 1886. Zimenezi zinandikhala m'mutu tsiku lonse. Ndiye kuti akuluakulu onse amene anayamba kugonekedwa muno, panalibe ndi mmodzi yemwe wobadwira mu Johannesburg. Ziliza zake zimanena zokha: uyu anachokera ku Cornwall m'dziko la England, uyu ku Scotland, uyo ku Germany. Anyamata a zaka 24, 27, 31. Anabwera kudzasaka ndalama, n'kutheka akuuza makolo awo kuti zaka ziwiri zokha ndibwerako. Alamu anawerenga chiliza chimodzi, n'kupukusa mutu: "Awa ndi matchona achizungu." Ndinaseka mokweza mpaka ndinadzigwira pakamwa.

Timanda ta ana ndi tambiri zedi. Tina tili ndi kamngelo kamwala kothyoka phiko, tina kamwana ka nkhosa. Mzinda wa masiku amenewo unali wa fumbi ndi madzi oipa, ndipo matenda a m'mimba ankakolola makanda. Pamenepa sitinachedwepo.

Chimene sichibisika n'chakuti anthu anawagoneka mosiyanitsa, monga mmene ankakhalira ali moyo. Akhristu achizungu malo awo, ndipo nawonso mpingo ndi mpingo. Ayuda malo awo, Asilamu awo, Matchaina awo, Amwenye awo, anthu akuda awo. Ukamayenda kuchokera kugeti, miyala ya nsangalabwi imanka ichepa, udzu n'kumachuluka.

Tinaima nthawi yaitali pa chipilala cha anthu ophedwa ndi dainamaiti. Nkhani yake ndinaimvapo kwa mnzanga wa kuntchito, koma kuima pamwamba pa eni akewo ndi zina. Pa 19 Febuluwale 1896, mabogi a sitima odzaza ndi matani oposa 50 a zophulitsira miyala m'migodi anali ataima pa siteshoni ya Braamfontein masiku angapo, padzuwa la chilimwe cha kuno. Injini ina yosuntha mabogi inawagunda. Kuphulika kwake kunakumba chidzenje pomwe panali njanji, ndipo kunamveka mpaka ku tauni yakutali ya Klerksdorp. Amene anapsa nazo si eni migodi ayi. Anali amphawi okhala m'mbali mwa njanji, a ku Vrededorp, Fordsburg ndi Malay Location, m'tinyumba ta malata ndi zidina. Anafa oposa 70, anthu masauzande anasowa pogona, ndipo ena sanazindikirike n'komwe, anangotoledwa zidutswa. Paul Kruger, pulezidenti wa Transvaal nthawi imeneyo, anabwera kuchokera ku Pretoria kudzaona. Ndinaganiza za kachipinda kanga, komwe sitima ikamadutsa makapu amalira pa shelefu. Wosauka ndi njanji anapangana kalekale.

Buledi tinadyera pomwepo, pakhonde la manda a munthu wina amene dzina lake linafufutika. Ndinanyema kachidutswa n'kugwetsa pansi ngati mwangozi. Alamu anaona koma sananene kanthu.

Kuchigawo cha Amwenye n'kumene mtima unandisweka. Kuli mtsikana, Valliamma Munusamy Mudaliar, wobadwira mu Johannesburg momwe muno, mwana wa makolo a Chitamil. Mu 1913 khoti la ku Cape linagamula kuti maukwati omangidwa mwa Chihindu ndi Chisilamu sakuzindikirika pamalamulo. Tangoganizani, amayi ako kudzuka m'mawa n'kumva kuti boma likuti si akazi a bambo ako. Panalinso msonkho wa mapaundi atatu umene unkafinya Amwenye omaliza makontirakiti awo ku Natal. Azimayi analowa nawo m'zionetsero zimene Gandhi ankatsogolera, zophwanya lamulo mwadala koma osamenya munthu. Valliamma anapita ndi amayi ake. Anamangidwa mu Disembala 1913, n'kulamulidwa miyezi itatu ya ukaidi wa kalavulagaga ku Pietermaritzburg. Anatuluka mu Febuluwale akudwala, atangotsala mafupa, ndipo anamwalira pa 22 Febuluwale 1914 ali ndi zaka 16.

Zaka 16. Mwana wa achemwali anga amene tamugulira nsapato lero ali ndi zaka zomwezo, ndipo nkhawa yake yaikulu ndi mayeso a Fomu 2 ndi bandulo.

Pafupi pali mnyamata wina, Nagappen. Iyeyu anamangidwa mu Juni 1909 pa nkhondo yomweyo yokana malamulo osala Amwenye, anapatsidwa masiku khumi okha, n'kutumizidwa kukaphwanya miyala pa kampu yokonza msewu. Masiku khumi m'kuzizira kwa Juni wa ku Transvaal. Anatuluka ndi chibayo ndipo anamwalira kumayambiriro kwa Julaye. Ndikuwerenga zimenezi mphepo inali ikundilowa m'khosi ngakhale ndinali ndi jekete ndi juzi mkati, ndiye sindinafune wina wondifotokozera. Gandhi anabwera pa malo omwewa pa 15 Julaye 1914 kudzakhala nawo pa mwambo wovundukula miyala ya chikumbutso cha ana awiriwa, kutatsala masiku atatu kuti achoke mu South Africa osadzabweranso.

Ife kumudzi Mmwenye timamudziwira kuseri kwa kauntala, ku Limbe kapena ku Bwalo la Njobvu, ndipo timakamba zambiri za iye, zabwino ndi zoipa. Sindinaganizepo za Mmwenye wa zaka 16 wofera ndende ya azungu. Lero ndamuona.

Alamu anali atayamba kuyang'ana foni, koma mlonda uja anatipeza pa njinga yake natifunsa m'Chizulu ngati taona kale kwa Sontonga. Anatilozera ndi dzanja lonse, iye saopa. Tinadutsa pabwalo lalikulu la udzu wouma, lopanda ziliza, moti ndinayesa ndi malo ongotsala. Pakati pake pali chimwala chakuda, chosalala, cha ngodya zinayi, chowala ngati galasi.

Enoch Sontonga anali mphunzitsi komanso wotsogolera kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Nancefield. Kwawo kunali ku Uitenhage, ku Eastern Cape, ndiye nayenso anali wobwera. Mu 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika, ndime yoyamba ndi kolasi, m'Chixhosa, kuti ana a sukulu aziimba. Ndime zina anadzaonjezera pambuyo pake mlakatuli Samuel Mqhayi. Sontonga anamwalira pa 18 Epulo 1905 ali ndi zaka za m'ma 30 zoyambirira, ndi matenda a m'mimba. Sanaone chilichonse cha zimene nyimbo yake inadzachita. Sanamve Sol Plaatje, mmodzi wa oyambitsa ANC, akuijambulitsa ku London mu 1923, sanaone ANC ikuitenga kukhala yotsekera misonkhano mu 1925, sanadziwe kuti Tanzania ndi Zambia adzaimika mbendera zawo ndi chuni chake.

Apa alamu anandidabwitsa. Iwo sukulu ya pulayimale anaphunzira ku Chipata, kwa amalume awo. Anavula chipewa, anaima njo ngati ali pa asembule, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya fuko la Zambia. Bambo wa zaka 46, mimba patsogolo, maso ali pa chimwala. Atamaliza anati, "Zaka zonse zija tinkaimba m'mawa uliwonse, ine ndinkayesa anapeka ndi a Kaunda."

Koma chimene chandisowetsa tulo si chimwalacho, ndi udzu uja. Bwalo limene tinadutsa tikucheza ndi manda a anthu akuda, masauzande. Chigawo chimenechi chinasalazidwa kalekale, zizindikiro zinachoka, ndipo manda a Sontonga anasowa kwa zaka zambiri. Kuti awapeze anachita kufufuza m'kaundula wa maliro, mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa m'ndege. Pa 24 Sepitembala 1996 Nelson Mandela anabwera kudzavundukula chimwala chija. Mmodzi anapezeka chifukwa anasiya nyimbo. Ena onsewo, ochapa zovala za azungu, okumba migodi, oyendetsa ngolo, amayi ofulula mowa, ali pansi pa udzu umene makina amatchetcha. Ndinayang'ana nsapato zanga. Pobwerera ndinayenda monyang'ama, ngati kuti zithandiza.

Agogo anga aamuna, bambo a amayi, anapita ku Wenela amayi ali pamsana. Ulendo woyamba anabwerako ndi njinga ndi jekete. Wachiwiri sanabwere. Kalata zinabwera ziwiri, kenako zii. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, amuna ambiri a m'mudzi mwathu anabwerera. Agogo aakazi ankasesa pakhomo tsiku lililonse kudikira. Kumanda kwathu kulibe mtumbira wawo, ndipo pomanga ziliza chaka chatha dzina lawo linangotchulidwa m'pemphero. M'banja mwathu mawu oti "anatchona" amanenedwa motsitsa, ngati munthuyo anachita kusankha. Sali ku Braamfontein, muno munadzaza iwo asanabwere. Koma udzu wa mtundu umenewu uliko kwina, kuseri kwa mgodi wina, ndipo wina amadutsapo akucheza ndi mlamu wake.

Ndinawauza alamu zimenezi. Iwo anati n'chifukwa chake salumphitsa mwezi ku gulu lathu la maliro. Tonse tili m'gulu limenelo: mwezi ndi mwezi timasonkha, kuti zikachitika bokosi likwere galimoto, lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Dedza, adzukulu akakumbe kwathu. Lendi ikhoza kuchedwa, koma ya maliro ayi. Ndakhala kuno zaka 11, ndimadziwa takisi iliyonse ndi chala chake choimitsira, mano awiri ndinachotsera kuno, koma ndikafunsidwa ndimati ndikungogwira ntchito, sindikhala kuno. Anyamata a ku Cornwall aja ndikhulupirira ankayankha chimodzimodzi. Lero mzinda ukuwatcha anthu ake oyambirira.

Chakugeti kuli makoma osungiramo phulusa la anthu ootchedwa. Timiyala tambiri totsekera tinaswedwa ndi anthu osaopa, ndipo tinapeza azimayi awiri achikulire ndi mnyamata mmodzi, ongodzipereka, akumata ndi simenti n'kumalemba maina m'kope. Mmodzi anatipatsa moni n'kufunsa ngati tikufuna wachibale. Ndinatsala pang'ono kunena kuti eya.

Foni inalira 3 koloko itadutsa ndi mphindi 40. Mkulu uja, akukalipa kuti tili kuti, iye wafika kalekale. Tinathamanga Smit Street yonse. Anakweza mtengo wa chikwama chachiwiri ati chalemera, tinakangana, tinalipira.

Pofika kunyumba ndinaima pa mpopi wapanja n'kusamba m'manja ndi kumaso ndisanagwire chitseko, monga timachitira pochokera kumanda. Madzi ake ngati a mufiriji. Alamu anandiseka kuti ndine wachimidzi, kenako nawonso anapinda malaya.

Amayi anaimba cha m'ma 7 kufunsa ngati bulangete lanyamuka. Ndinati lanyamuka, Lachiwiri likhala litafika. Anafunsa kuti ndaswera kuti tsiku lonse osayankha mauthenga. Ndinati m'tauni, amayi, pa mzere wa katundu.