Ulendo wa ku Nyungwe pa njinga: pamene ndafika pokonzekera

Kwatsala masabata ochepa kuti lifike tsiku la 4 Okutobala, holide yokumbukira mtendere m'dziko lathu la Mozambique, limene anzanga okonda njinga kuno ku Ulongwe tinapangana kupalasa kuchokera pa Vila, tauni yathu, mpaka mumzinda wa Tete, umene timautchanso Nyungwe. Ndi makilomita opitirira 200, ndipo tikufuna kuwadya tsiku limodzi: kunyamuka kusanache, kukawoloka Zambezi dzuwa lisanalowe. Tsikulo tinalisankha chifukwa ndi lokhalo limene tonse timakhala omasuka kuntchito.

Ine nthawi ndilibe. Ndimagulitsa m'shopu ya mbewu ndi feteleza, ndipo miyezi ino alimi ayamba kale kusosa, ndiye pakauntala sipachoka munthu. Loweruka timatsegulanso. Zimene zanditsalira ndi m'mbandakucha, nthawi ya nkhomaliro pamene shopu timatseka, ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Anzanga ena amapalasa maola asanu pakati pa sabata. Ndinasiya kudziyerekeza nawo.

Aliyense amene ndamuuza za ulendowu amayankha chimodzimodzi: "Aaa, ku Nyungwe ndi kotsetsereka kokhakokha, njinga ikutengani yokha." Papepala akunena zoona. Ulongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, pomwe mzinda wa Tete uli m'chigwa, osafika ndi mamita 200 omwe. Koma onena zimenezi msewuwu amaudziwira pawindo la chapa (minibasi). Kuchoka pano kukafika pa mphambano ya Mussacama pali zitunda zimene galimoto siziona koma miyendo imaziwerenga. Ukalowa msewu waukulu wa N7 ukumana ndi mathiraki ochokera ku Zóbuè olowera ku Beira, kenako fumbi la malasha la ku Moatize. Ndipo chigwacho tidzalowamo masana enieni, titatopa kale, mwezi umene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40. Ife a kuno ku Angónia, amene timafunda bulangete ngakhale mu Seputembala, chimene chingatigwetse si mtunda wa ulendo ayi, ndi dzuwa.

Choncho nthawi yochepa imene ndili nayo ndaigawa molingana ndi zimenezo, osati mothamangitsa makilomita.

M'mawa ndimatenga ola limodzi basi. Pali chitunda china kunja kwa Vila chimene ndimakwera mwamphamvu mpaka kulephera kuyankha moni, n'kutsika pang'onopang'ono, n'kukweranso. Sinditero masiku otsatizana, miyendo imafuna tsiku lopuma. Pamenepa palibe zambiri zonena, kungoti giya imene ndinkakwerera nditaimirira pano ndikukwerera nditakhala.

Nkhani ili pa nkhomaliro. Thupi limazolowera kutentha likamagwira ntchito padzuwa pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena awiri: thukuta limayamba kutuluka msanga, mchere wotayika m'thukutamo umachepa, mtima sugunda mothamanga ngati poyamba. Lamulungu limodzi pa sabata silingakwanitse zimenezi. Ndiye shopu ikangotsekedwa, ndimavala jekete pamwamba pa malaya n'kupalasa mphindi 40 modekha, madzi ali m'botolo. Amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu amandiyang'ana momvetsa chisoni. Mmodzi anachita kundiimitsa: "Bambo, ngati ndi malungo pitani kuchipatala, osati kuzungulira ndi jekete dzuwa lonseli." Masiku oyamba ndinkabwerera mutu ukuwawa, pakhosi pa malaya patayera mbee ndi mchere wouma. Pano mzere woyerawo wachepa, ndipo ndikabwerera pakauntala ndimatha kuwerenga chenji osasokoneza. Koma ndikangomva chizungulire ndimavula jeketeyo n'kukhala pamthunzi. Izi si zochitira makani.

Lamulungu ndiye la ulendo wautali, kulowera njira ya ku Mussacama n'kubwerera. Sindiyang'ana liwiro. Ndimaphunzitsa zinthu ziwiri, matako ndi mimba. Za matako palibe njira yachidule, ndi maola pachishalo basi, ngakhale kabudula wa siponji amene ndinamupeza pa kaunjika wathandiza kwambiri. Za mimba ndiye zandidya nthawi. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena awiri ukupalasa mwamphamvu, ndipo akatha miyendo imangozima ngati chigayo magetsi akathima. Ndiye umayenera kudya njala isanabwere, ola lililonse. Nthochi zimalowa bwino koma m'thumba la kumsana zimasanduka phala. Mbatata yootcha imapirira, kungoti imafuna madzi ambiri kuti itsike. Mtedza wamchere ndimaukonda chakumapeto, pamene zotsekemera zandikola. Thobwa ndamuchotsa pamndandanda ndi mtima wowawa: padzuwa amasasa, botolo n'kufufuma, potsegula theka n'kuthera pamahandulo.

Botolo limodzi limakhala la madzi okha. Linalo ndimasakaniza monga amatiphunzitsira kuchipatala za mwana wotsegula m'mimba: lita imodzi ya madzi, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Padzuwa ngati la ku Moatize munthu akhoza kutaya thukuta lopitirira lita imodzi pa ola, ndipo mabotolo awiri sangatifikitse. Tagwirizana kuti mlamu wa mnzathu wina azititsatira pa njinga yamoto ndi zigubu.

Njinga yanga ndi yamagiya, yogula kwa munthu, yolemera ndithu. Sabata yatha ndinapita nayo kwa akulu ena okonza njinga kumsika. Sanafunse kalikonse. Anagwada, n'kutsina tcheni kutsogolo kwa giya yaikulu, n'kuikoka. Inanyamuka mpaka dzino lonse kuonekera pansi pake. "Achimwene, iyi yatha. Ikakudukirani ku Moatize mudzaikankha mpaka pamlatho." Anaika yatsopano, anamanga masipoko awiri a kumbuyo amene ankalira, n'kundiuza kuti ndisadere nkhawa minga yokha: m'mbali mwa N7 mumagwa timawaya ta matayala ophulika a mathiraki, tosaoneka ndi maso koma toboola chubu mwakachetechete. Ndagula machubu awiri, zomatira ndi pampu yaing'ono. Akuluwa, amene unyamata wawo wonse ankanyamula matumba a chimanga pakaliyala, amaona zoti munthu azipalasa wopanda katundu ngati kusowa chochita. Komabe chishalo anandikwezera mosamala, chidendene changa chili papedulo mpaka mwendo kuwongoka.

Sabata yomaliza ndidzachepetsa zonse. Mphamvu imene sindinaipeze pofika nthawi imeneyo sindingaipeze m'masiku asanu, ndipo kulimbikira kungangondifikitsa tsikulo nditatopa. Maulendo a nkhomaliro okha ndiwo ndidzapitirize, mofupikitsa, kuti thupi lisaiwale kutentha.

Pagulu pathu patsala mikangano iwiri. Woyamba ndi wa mlatho. Ena akufuna wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, poti ndi watsopano. Ine ndikuti umenewo ndi wa mathiraki, tiwolokere wakale wa Samora Machel umene umakutula m'tauni mwenimweni. Wachiwiri ndi ola lonyamukira. Ndikukakamira 3 koloko ya usiku kuti dzuwa likamakwera tikhale titadya gawo lalikulu la msewu, koma anzanga awiri alibe magetsi a njinga, ndipo tochi ya foni yomangirira ndi mphira pamahandulo ndaikana. Tikumana Lachinayi madzulo, ndipo ndawauza kuti aliyense abwere ndi njinga yake, tione magetsiwo akuyaka.