Munda umene ana anaukana

Lachiwiri usiku. Tulo takana. Mawu a mkulu amene ndakumana naye masanawa kunja kwa tawuni ya Courthézon, kumwera kwa France, akungozungulira m'mutu, ndiye bola ndilembe.

Ndinapita kukaona minda ya mpesa ya Château de Beaucastel, kumpoto kwa dera la Châteauneuf-du-Pape. Pansi pake ndi miyala yokhayokha, yobulungira, yosalala, ina yaikulu ngati maungu ang'onoang'ono, imene mtsinje wa Rhône unasiya kalekale. Ndinatola umodzi, unali wotentha moti ndinauponya msanga. Pakati pa miyalapo paima mitengo yakale ya mpesa, yaifupi, yopotokapotoka, uliwonse pawokha popanda waya, yozolowera kulimbana ndi mphepo ya Mistral.

Mkuluyo anali ataima m'mbali mwa msewu, manja kumbuyo, akuyang'ana mizere ya mpesa. Manja akewo ndinawaona bwino atandipatsa moni: zala zokhota, zikhadabo zong'ambika. Sagwira ntchito pa Beaucastel, koma mbiri ya malowo ili pamlomo. Anati mu 1909 Pierre Tramier anagula mundawo tizilombo ta phylloxera titasakaza mipesa ya dera lonselo, kenako anausiya m'manja mwa mkamwini wake Pierre Perrin. Mwana wa Pierre, Jacques, ndiye anasintha zinthu. Kuyambira 1950 anakana mankhwala ndi feteleza wa m'sitolo pomwe ena onse ankathamangira zomwezo, ndipo anakakamira mphesa za Mourvèdre, zochedwa kupsa, anzake akudzaza minda ndi Grenache.

"Bambo anga ankamuseka, mwana wanga," anatero. "Ankati munthu wophunzira akufuna kulima udzu."

Anapitiriza osapumira. Mitundu yonse 13 ya mphesa imene malamulo akale a derali anavomereza, banjali limalima. Amathyola ndi manja, mtundu uliwonse amaupangira vinyo wake pawokha, kenako amalawa n'kusakaniza, vinyo n'kukagona pafupifupi chaka m'migolo ikuluikulu ya matabwa. Jacques atamwalira mu 1978 ana ake, Jean-Pierre ndi François, ananyamula ntchitoyo, ndipo kuyambira 1989 m'zaka zokolola bwino amapanga vinyo wofiira wotchedwa dzina la bambo awo. Lero adzukulu ali momwemo.

Ndinafunsa, mwina mofulumira, kuti, "Nanga inu bambo, munda wanu uli kuti?"

Analoza ndi chibwano kutsidya kwa msewu waukulu wa A7. Anati unali waung'ono, wa agogo ake, koma anaugulitsa. Mwana wamwamuna ali ku Lyon, wamkazi ku Marseille, onse ananena poyera kuti sadzabwerera kudzalima. Kenako ananena mawu amene andimana tulowa: "Chaka chimene mwana wanga wamkazi anabadwa ndinabzala mzere wa Grenache. Pano ndi pamene mitengo imeneyo yayamba kubala mphesa zenizeni. Amakolola ndi ena."

Sanadandaule, sanatukwane ana ake. Chikhala kuti anakwiya, mwina mtima wanga ukanapepuka.

M'basi pobwerera ndinawakwiyira anawo, anthu oti sindikuwadziwa n'komwe. Munthu angasiye bwanji munda woti mibadwo itatu inauthirira thukuta? Koma mkwiyowo sunakhalitse. Kudulira mpesa m'January, mphepo yozizira ikuboola mafupa, si masewera. Matalala a theka la ola atha kufafaniza ntchito ya chaka chathunthu. Komanso malo a kuno akwera mtengo kwambiri, moti msonkho wa cholowa umatha kukakamiza banja laling'ono kugulitsa munda womwe likufuna kusunga. Mtsikana amene wasankha malipiro a pamwezi ku Marseille walakwira ndani?

Chikundisautsa ndi china. Tikamatamanda banja ngati la Perrin timatchula miyala, dzuwa, mphepo, nzeru za Jacques. Zonsezo n'zoona, ndipo vinyo wawo ndinamulawa, ndi wolemera, wonunkhira zipatso zakuda ndi zitsamba za m'thengo, sindingamunyoze. Koma miyala yomweyo inalinso m'munda wa mkulu uja, dzuwa lomwelo, Mistral yemweyo. Chimene kwa Perrin chinapezeka m'badwo uliwonse ndi mwana wovomera kutsala. Zimenezi kholo silingazibzale kapena kuzilamula, ndipo kumene sizinachitike palibe amene amalemba mbiri yake pa botolo.

Lero mtima wanga sunali bwino chiyambire m'mawa, mwina n'chifukwa chake nkhaniyi yandilowa chonchi. Kukhala kutali ndi makolo kumachititsa kuti mkulu aliyense woima yekha m'mbali mwa munda akukhudze.

Ndimafuna kumufunsa ngati mwana wake wamkazi amadziwa za mzere wa Grenache uja, ngati anamuuzapo. Anali atayamba kale kufotokoza za chisanu cha mu February 1956 chimene chinapha mitengo ya maolivi m'dera lonse, ndipo nthawi ya basi inali itakwana.