Kapulasitiki kakang'ono kandidyera masiku awiri

Kompyuta yakale ya Pentium 4 yomwe ndakhala ndikuitsitsimutsa tsopano imayaka bwinobwino, ndipo Windows XP imatsegula mosavuta. Chomwe chinatsala ndi draivu ya DVD, popeza inabwera yopanda draivu, pamalo pake pali bowo chabe. Lachiwiri ndinamangirira ya IDE (mtundu wakale wolumikiza ndi chingwe chophwatalala), n'kuilumikiza pa chingwe chomwe chili kale ndi hard disk, poti chingwe ndili nacho chimodzi chokha. Mumtima ndinkati ndi ntchito ya mphindi khumi.

Nditayatsa, kanyali ka kutsogolo kanaphethira, ndipo ndikadina batani thireyi inkatuluka n'kubwerera. Koma mu My Computer munali zii. Ndinayamba kuloza chala Windows, chifukwa XP ili ndi vuto lodziwika la UpperFilters ndi LowerFilters mu registry (nkhokwe ya masetingi a Windows) lomwe limabisa madraivu a CD ndi DVD. Mwamwayi, ndisanafufute kalikonse, ndinalowa kaye mu BIOS, pulogalamu yomwe imaona zipangizo Windows isanatsegule. Namonso draivu sinkaoneka. Poti BIOS nayo sinkaiona, vuto silinali la Windows, ndiye registry ndinaisiya mmene inalili.

Kutuluka kwa thireyi kuja n'komwe kunandipusitsa. Kumangosonyeza kuti magetsi akufika kudzera pa pulagi ya Molex, ya mawaya anayi ija: wachikasu wa 12V, wofiira wa 5V, ndi awiri akuda. Za chingwe chodutsa data sikunenapo kanthu. Ndinachizula chingwecho, kuunika ndi tochi ngati pali pini yopindika, kutsimikiza kuti mzere wa m'mphepete uli mbali ya pini 1, n'kuchikankhanso mwamphamvu. Palibe chinasintha. Ndinangozindikira kuti kompyuta inkaima kanthawi ndithu poyaka, ngati ikudikira yankho kwa wina amene sakuyankha. Ndinakagona nditakhumudwa, ndikuganiza kuti draivuyo ndi yakufa.

Lachitatu ndinachita zomwe ndikanayenera kuyambira. Ndinachotsa hard disk pa chingwe, draivu ya DVD n'kutsala yokha. BIOS inaiona nthawi yomweyo, dzina lake lonse poyera. Choncho draivu ndi yamoyo, chingwe n'chabwino, koma ziwirizi zikakhala pamodzi zikulimbana.

Pa chingwe chimodzi cha IDE pamakhala zipangizo ziwiri, china Master, china Slave, ndipo chimene chimagamula ndi jumper, kapulasitiki kovala pa mapini awiri kumbuyo. Pa draivu ya DVD kanali pa MA, kutanthauza Master, pomwe hard disk nayo inkagwira ntchito ngati Master. Mafumu awiri pampando umodzi! Ndinakasuntha ndi kopanira n'kukaika pa SL, kutanthauza Slave (zala zanga sizikanatha, ndipo kanagwera pansi kawiri). Ndinkayesa ndamaliza, koma kuima kuja sikunathe. Nditawerenga zolembedwa pamwamba pa hard disk ndinapeza kuti iyo imasiyanitsa kukhala yokha pa chingwe ndi kukhala Master yokhala ndi Slave. Ma hard disk ena okha ndi omwe ali choncho, ndipo yangayi inali itaikidwa ngati ili yokha. Cable Select, njira yoti chingwe chizisankha chokha Master ndi Slave, ikanatheka, poti chingwe changa ndi cha mawaya 80, koma ndimakonda kudzisankhira ndekha kuti ndidziwe chili pati.

Nditakonza jumper yachiwiriyo, ya pa hard disk, draivu ya DVD inatulukira ngati D: mu My Computer, ndipo CD yoyamba yomwe ndinaikamo inawerengedwa popanda vuto. Ndikapeza chingwe china, draivuyi ndiisamutsira pa Secondary IDE, polumikizira pachiwiri, kuti isamagawane njira ndi hard disk. Batire ya CR2032 yosunga nthawi mu kompyutamu nayo ikufunika kusintha, chifukwa wotchi ikubwerera m'mbuyo ndikangozula pulagi kukhoma.